Momwe mungaphikire mamafini a mapeyala ndi mabulosi kunyumba

Mapeyala akachuluka pamsika, cha mu Febuluwale mpaka Epulo, kwathu timadya mpaka ana kuyamba kuwakana. Pa buledi peyala, pa mbatata peyala, ena amathira shuga n'kumakapa ndi sipuni. Ndi m'nyengo imeneyi pomwe ndinayamba kuthira peyala m'makeke m'malo mwa majarini, chifukwa peyala lakupsa bwino lili ndi mafuta akeake, ndipo mtengo wa majarini masiku ano mukuudziwa nokha. Mamafini ake, timakeke ting'onoting'ono tija, amatuluka ofewa, obiriwira pang'ono mkati. Kukoma kwa peyala sikumveka kwenikweni, moti amene sanakuoneni mukuphika sangadziwe kuti mwathiramo chiyani.

Pa mamafini 12 konzani izi: makapu 2 a fulawa, theka la kapu ya shuga (okonda zotsekemera onjezerani masipuni awiri aakulu), matiyisipuni 2 a beking'i paudala, theka la tiyisipuni ya soda, kamchere, mazira 2, theka la kapu ya chambiko, masipuni 2 aakulu a mafuta ophikira, ndimu imodzi, peyala limodzi lalikulu ndi kapu imodzi ya mabulosi. Kapu yake ndi ija yomwera tiyi, bola ikhale imodzimodziyo poyeza zonse. Ngati chambiko palibe, finyirani ndimu pang'ono mu mkaka wamba n'kuusiya mphindi 10, udula wokha.

Za peyala. Si peyala lililonse lomwe limayenera pano. Pali aja amadzimadzi, aakulu mochititsa kaso koma ukadula mkati muli ngati nkhaka, ndiye pali aja onona, achikasu ngati batala. Onona aja ndi amene tikufuna. Pamsika musamangokhulupirira kufewa kwa khungu, chifukwa ogulitsa ena amathyola osakhwima n'kuwafundika, ndipo ena amafewa chifukwa chofinyidwa ndi manja a anthu tsiku lonse. Ine ndimauza wogulitsa kuti adule limodzi pomwepo, ndilipira. Akakana ndimapita kwa wina. Likakhala ndi mitsitsi yakuda mkati kapena kafungo kowawasa, lisiyeni, limawawitsa keke yonse.

Mabulosi ndiwo amavutirapo pa nyengo. Mtengo wa mabulosi umabereka cha mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi imene mapeyala ndi osowa komanso odula. Ndiye ine ndimathyola ambiri nthawi yake ikakwana, kuwayala pa thireyi osagundana, kuwaika mufiriza, akauma gwa n'kuwathira m'majumbo. Amakhala miyezi ingapo ngati magetsi sakuzimazima kwambiri. Opanda firiji gwiritsani ntchito zomwe zilipo: jamu, tizipatso tija timakhala m'kachikwama kouma tija, amakoma kwambiri m'mamafini chifukwa ndi owawasa pang'ono. Sitiroberi nawonso ndi abwino, koma muwadule tizidutswa. Amene mumadutsira ku Zomba mukudziwa kuti mumsewu wokwera kuphiri kuja amagulitsa sitiroberi ndi tizipatso tina ta mtundu umenewu. Nenererani mtengo, ndipo musanalipire yang'anani pansi pa kambale. Kulikonse komwe amagulitsa zipatso zosachedwa kuonongeka, zokongola zimakhala pamwamba.

China choti muyese musanayambe ndi beking'i paudala. Uja wa m'timachubu topanda dzina ndi wotchipa, inde, koma sudziwa kuti wakhala padzuwa miyezi ingati kapena wasakanizidwa ndi chiyani. Thirani kasipuni m'madzi otentha. Akachita thovu nthawi yomweyo ndi wamoyo, akangoti zii mwaononga ndalama.

Yatsani uvuni pa madigiri 180 (Celsius) kuti izitentha. Sefani fulawa, beking'i paudala, soda ndi mchere m'beseni limodzi. M'mbale ina nyenyani peyala ndi foloko mpaka lisalale ngati phala la mwana, lisakhale ndi zibuluma, ndipo finyiranimo theka la ndimu nthawi yomweyo kuti lisade. Likwane pafupifupi kapu imodzi yosadzaza. Thiranimo shuga, mazira, mafuta ndi chambiko, n'kumenya bwinobwino. Apa menyani mmene mungathere, palibe choonongeka.

Tsopano tafika pomwe ndinachitira manyazi, ndiye ndikhalitsapo.

Ulendo wanga wachiwiri kuphika mamafini amenewa unali tsiku lomwe apongozi anga ankabwera kudzationa. Woyamba uja anatuluka bwino mwamwayi, ndiye ndinkadziona ngati katswiri. Ndinathyola mabulosi m'mawa womwewo, kuwatsuka, n'kuwathira m'beseni akudontha madzi. Kenako ndinatenga mthiko n'kuyamba kuvundula ngati nsima ya anthu khumi, pofuna kuti zisalale. Ndinaonjezeranso soda, tiyisipuni yodzaza, poganiza kuti atupa kwambiri. Pamene ndinkamaliza, mabulosi onse anali ataphulika, ndipo zobiriwira zokongola zija zinali zitasanduka zotuwa ngati simenti yoponda kale. Ndinadzilimbitsa mtima kuti moto ukonza. Sunakonze kanthu. Anatuluka afupiafupi, olimba ngati mphira, pansi pake pali nyenyenye, ndipo ukaluma pakamwa pamatsala kafungo ka sopo. Apongozi anadya theka la limodzi, n'kunena mwaulemu kuti, "Mwayesetsa, mwanangu," kenako anapempha mbatata yotsala m'mawa. Mpaka lero akabwera amafunsa ngati kuli makeke a simenti.

Zolakwika zinali zitatu, ndipo zonse zimachitika m'mphindi ziwiri zomwezi. Choyamba ndi kuvundula. Fulawa ya tirigu ikakumana ndi madzi n'kumatakasidwa nthawi yaitali imayamba kutamuka, zomwe zimafunika pa buledi ndi mandasi koma osati pano. Ndiye mukathira zamadzi zija mu fulawa, ingotembenuzani ndi sipuni yaikulu kuchokera pansi kubweretsa pamwamba, mwina ka 10 kapena ka 12 basi. Mukaona kuti fulawa youma yatsala pang'ono kutha, imani. Tizibuluma tikhalepo, timatha tokha pamoto. Dzanja limafuna kupitiriza, makamaka kwa ife tinakulira pa mthiko, koma likanizeni.

Chachiwiri ndi madzi a pa mabulosi. Atsukeni msanga, dulani timapesi take, muwayale pa kansalu koyera mpaka aume. Kenako tapani sipuni imodzi ya fulawa ija musanaithire zamadzi n'kuwagubuduzamo pang'onopang'ono. Ufa umenewu umamwa chinyezi cha pakhungu ndipo umathandiza kuti asathawire pansi onse. Ngati ndi a mufiriza, musawasungunule ngakhale pang'ono, athireni ali gwa choncho, chifukwa akasungunuka amatulutsa madzi ofiira omwe amadetsa zonse. Amalowa pomaliza penipeni, ndipo mumangowatembenuza kawiri kapena katatu. Ine masiku ano theka ndimathira m'beseni, theka linalo ndimachita kutsindikira pamwamba pa mafini aliyense ndi chala. Amaoneka bwino, ndipo aliyense amapeza gawo lake, ana samakangana.

Chachitatu ndi soda uja. Mtundu wa mabulosi umasintha malinga ndi chomwe wakumana nacho: pa zowawasa umafiira, pa soda wambiri umapita kobiriwira kapena kotuwa. Amene munathirapo soda mu kabichi wofiira munazionapo zimenezi. Soda amafuna chowawasa choti alimbane nacho, n'chifukwa chake pali chambiko ndi ndimu. Akachuluka kuposa chowawasacho, wotsalayo ndi amene amabweretsa kafungo ka sopo ndi mtundu wa phulusa uja. Theka la tiyisipuni, losalaza ndi mpeni, osati la mulu. Ngati mukugwiritsa ntchito fulawa yotupa yokha ija, beking'i paudala musathirenso, ndipo soda chepetsani kufika kansonga ka sipuni.

Zikasakanizika musazisiye kuti mukayankhe foni. Soda amayamba ntchito akangonyowa, ndiye gawirani m'thireyi ya mamafini ya zibowo ija nthawi yomweyo, chibowo chilichonse chisadzaze, patsale malo ngati chala chimodzi chopingasa. Timapepala ta makeke tija ndi tabwino ngati mukukagulitsa kapena kupita nawo ku zochitika, koma a pakhomo ingopakani mafuta n'kuwaza kafulawa. Kugula timapepala ta makeke odyera pakhonde ndi kutaya ndalama.

Mu uvuni amatenga mphindi 20 mpaka 25. Musatsegule chitseko mphindi 15 zoyambirira. Bayani ndi kamtengo pakati, kakatuluka kopanda phala apsa, koma muzibaya pambali pa bulosi chifukwa madzi ake amanamiza. Dziwaninso kuti a mapeyala safiira kwambiri pamwamba ngati a majarini, ndiye mukamadikira kuti afiire mudzawaumitsa, komanso peyala likakhalitsa pamoto limayamba kuwawa.

A pambaula, ndi mmene mumaphikira chigumu muja. Mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, utenthe kaye, makapu achitsulo opaka mafuta pamwamba pa mchengawo, chivundikiro, makala ambiri pamwamba ndi ochepa pansi. Amatenga nthawi yotalikirapo, pafupifupi theka la ola, ndipo muzitembenuza poto kuti mbali imodzi isapserere.

Akapsa adikireni mphindi 5, achotseni, azizire pa poyera osavundikira. Chifukwa cha peyala ndi zipatsozo sakhalitsa: masiku awiri m'kontena, kukatentha tsiku limodzi lokha pokhapokha alowe mufiriji. Ofuna kugulitsa werengerani mazira, shuga ndi makala musanatchule mtengo, ndipo phikani ongokwanira tsiku limenelo.