Mmene ndinakonzera vuto la javac pa laputopu ya Windows

Phunziro lathu la Java (chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta) ku yunivesite limafuna JDK 17 (zida zopangira mapulogalamu a Java), koma nditaiika pa laputopu, Command Prompt (zenera lolembamo malamulo a kompyuta) inkakana lamulo la javac (lomwe limasandutsa zimene walemba mu Java kukhala pulogalamu) ponena kuti silikudziwika. Gwero la vutoli linali lakuti Windows imafufuza mapulogalamu m'mafoda olembedwa pa mndandanda wotchedwa Path, pamene foda ya bin ya JDK, momwe muli javac, sinalimo. Ndinatsegula Environment Variables (malo a Windows osinthirako zinthu monga Path), ndinapanga dzina lakuti JAVA_HOME loloza kumene JDK ili, kenako ndinaika %JAVA_HOME%\bin pamwamba pa mndandanda wa Path ya makina onse, kuti Java 8 yakale imene inalimo isamayambe kupezeka. Chofunika kwambiri ndi kutseka Command Prompt n'kuitsegulanso, popeza zenera lotsegulidwa kale silizindikira zosinthazo. Nditalemba javac -version, kompyuta inaonetsa 17.