Momwe mungayambire geni ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja m'misewu ya ku Philippines

Ku Philippines katapila amatchedwa 5-6. Ukatenga mapeso asanu umabweza asanu ndi limodzi. Wokongozayo safuna chikole kapena chikalata, amangofika pa njinga yamoto tsiku lililonse kudzatolera yake. Ngongole zopanda chiwongoladzanja zingathandize anthu ogulitsa m'misewu kuthawa munthu ameneyu. Tiyerekeze kuti ndinu mayi wokhala ku Tondo mumzinda wa Manila, ndipo mukufuna kuyamba geni pamsewu. Mungatere.

1. Werengani kaye zimene katapila angakudyereni

Mukatenga mapeso 5,000 n'kugwirizana kuti mubweze m'masiku 60, ndiye kuti muzipereka mapeso 100 tsiku lililonse mpaka akwane 6,000. Zikuoneka zochepa, n'chifukwa chake anthu amatenganso ikangotha. Koma mukatenga kasanu ndi kamodzi pachaka, mwapereka mapeso 6,000 achiwongoladzanja okhaokha, kuposa mpamba weniweniwo. Lembani nambala imeneyi penapake. Idzakulimbitsani mtima tsiku lomwe mzere wa ku ofesi udzakutopetseni.

2. Sankhani malonda musanafune ndalama

Ambiri amalakwitsa pano. Amayamba atenga ndalama, kenako n'kumaganiza zogulitsa, ndipo pofika Lachisanu theka lapita ku mpunga ndi ndiwo za panyumba.

Ngongole yaing'ono imafuna malonda otha tsiku lomwelo. Ku Manila amenewa ndi banana cue, nthochi zamtundu wa saba zokazinga ndi shuga wofiirira n'kuzibaya pakamtengo, kwek-kwek, mazira a zinziri owiritsa, oviika mu ufa wachikasu chofiirira n'kukazinga, fishball, kapena taho, chakudya chofewa cha soya chothira madzi a shuga, chomwe amachisenza m'ndowa ziwiri papewa m'mamawa. Zambiri mwa izi zimafuna mbaula ndi chiwaya, ndipo zonse zimafuna malo odutsa anthu ambiri monga pageti ya sukulu kapena pokwerera jeepney, maminibasi akumeneko. Kaokala kapakhomo, komwe kumeneko amati sari-sari, n'kabwino, koma ndalama imagona pashelefu masiku ambiri, ndipo anansi amatenga katundu pangongole. Ine ndikanayamba ndi chiwaya.

Musanapite kulikonse, khalani masiku awiri kapena atatu pamalo mwasankhapo. Onani nthawi imene anthu amachuluka, ndi kuti ogulitsa chomwechonso alipo angati. Kenako pitani kumsika, kaya ku Divisoria kumene ambiri amapikula katundu, mukafunse mitengo ya chilichonse mpaka timitengo tobayira nthochi.

3. Dziwani makomo ogogoda, ndipo musasokonezeke ndi mayina

Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa si ngongole iliyonse ya anthu osauka yomwe ilibe chiwongoladzanja.

Unduna woona za chisamaliro cha anthu, DSWD, unali ndi ndondomeko yotchedwa SEA-K, yomwe inkakongoza magulu a anthu osauka mpamba wopanda chiwongoladzanja ndiponso wopanda chikole. Mu 2011 ntchitoyi inalowa m'ndondomeko yaikulupo ya Sustainable Livelihood Program, yomwe imapereka mpamba, ndipo kwa zaka zingapo malire ake anali mapeso 15,000 kwa munthu mmodzi. Oyamba kuganiziridwa ndi mabanja omwe ali kale pa mtukulapakhomo wakumeneko wotchedwa 4Ps. Unduna wa zantchito, DOLE, uli ndi Nego-Kart: m'malo mwa ndalama zokha, amakupatsani ngolo yogulitsirapo ndi zoyambira.

Pali ina yotchuka kwambiri yotchedwa P3, yomwe boma la Rodrigo Duterte linayambitsa mu 2017 kudzera ku Small Business Corporation, cholinga chake chili kugwetsa 5-6. Ndi yotsika mtengo, koma si yaulere: chiwongoladzanja chake chinaikidwa kuti chisapitirire 2.5 peresenti pamwezi. Mabungwe akuluakulu obwereketsa amayi monga CARD, lomwe linayamba mu 1986 ku San Pablo m'chigawo cha Laguna, nawonso amaika chiwongoladzanja. Ngakhale pa Kiva, pomwe wopereka ndalama wa kunja salandira phindu lililonse, bungwe la m'dzikomo lomwe limafikitsa ndalamayo m'manja mwanu kawirikawiri limaika chake. Kupatula boma, mipingo ina ndi mabungwe ang'onoang'ono achifundo amakongoza mavenda popanda phindu, koma amenewa amadziwika m'dera mwawo mokha.

Yambirani ku ofesi ya barangay, yomwe ndi boma laling'ono la m'mudzi kapena m'lokeshoni, kenako ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya mzinda wanu. Pitani nokha. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

4. Konzani mapepala

Chitupa chovomerezeka ndi boma, kalata ya barangay, ndi cedula, kachiphaso ka msonkho wa munthu aliyense wokhala m'deralo. Wogulitsa zakudya amafunikanso chiphaso cha zaumoyo. Funsani pomwepo za malo ololedwa kugulitsirapo. Mu 2019 boma linalamula kuti misewu iyeretsedwe, ndipo ku Manila meya wa nthawiyo Isko Moreno anachotsa mavenda m'misewu ya Divisoria. Ngolo ikalandidwa ngongole imatsala.

5. Funsani funso limodzi musanasayine

Funso lake ndi ili: "Ndilandira zingati m'manja, ndipo ndibweza zingati zonse pamodzi?" Ena amati palibe chiwongoladzanja koma amadula ya fomu, ya inshuwalansi ndi ndalama yosungitsa mokakamiza musanagwire n'komwe. Ngongole ya Bayanihan CARES ya mu 2020, nthawi ya Covid-19, inalibe chiwongoladzanja, koma inali ndi ndalama yolipirira ntchito yokonza ngongoleyo. Si kuba, bola mudziwiretu. Lamulo la dzikolo la mu 1963, Truth in Lending Act, limakakamiza wokongoza kulemba mtengo wonse wa ngongole musanavomere. Ngati ndi ya pagulu, funsaninso kuti mnzanu akalephera kubweza, wolipira ndani. Sankhani anzanu a pagulu ngati mukusankha wosungitsa kiyi wa nyumba yanu.

6. Khalani wotolera wanuwanu

Ichi ndicho chovuta kuposa zonse, ndipo n'chimene chimasiyanitsa opindula ndi obwerera kwa katapila. Mwamuna wa pa njinga uja, ngakhale amadya anthu, ali ndi ntchito imodzi yomwe amaigwira bwino: amatenga ndalama isanadyedwe. Ngongole yofatsa ilibe wobwera tsiku ndi tsiku. Imadikira sabata kapena mwezi, ndipo pakatipo mwana adwala, sukulu ifuna yunifolomu, mlamu afika ndi vuto lake.

Choncho madzulo aliwonse, musanagule ngakhale mchere, gawani ndalama patatu. Yoyamba ndi puhunan, ndiye mpamba wopikulira mawa, imeneyi sikhudzidwa. Yachiwiri ndi yobweza ngongole: gawani yonse ndi masiku omwe mwapatsidwa, n'kumaika pambali gawo la tsikulo m'kachitini kapena pa GCash, njira yosungira ndalama mufoni, kutali ndi thumba la epuloni. Yotsala ndiyo yodya. Masiku ena yotsalayo idzakhala yochititsa manyazi. Idyani momwemo.

Makasitomala okhazikika, omwe amawatcha suki, adzapempha pangongole, ndipo kuwakana onse n'kuwataya. Ikani malire, lembani m'kope, ndipo woyamba kuzemba musamukongozenso ngakhale ndi wachibale.

7. Konzekerani masiku osagulitsa

Anamondwe pafupifupi 20 amalowa m'dera la Philippines chaka chilichonse, ndipo madzi akasefukira m'misewu ya Manila chiwaya sichiyaka. Ngongole ikafika pakati, lowani paluwagan, chipereganyu chakumeneko, ngakhale ndi kandalama kochepa. Ikadzafika nthawi yanu yolandira, isungeni kuti idzalipire masabata a mvula. Ndipo mukaona kuti sabata ino simukwanitsa, pitani kwa okongozawo tsiku lobweza lisanafike mukapemphe kusuntha tsikulo, mutanyamula kope lanu.