Kabetchedwe ka njere za chimanga pa funso lomaliza la Jeopardy!

Kuno ku Mangochi dzuwa likapepa timayala mphasa pakhonde, foni n'kuitsamiritsa ku ketulo, kenako n'kutsegula Jeopardy! pa YouTube. Uwu ndi mpikisano wa mafunso wa ku America umene Merv Griffin anauyambitsa mu 1964. Alex Trebek anautsogolera kuyambira 1984 mpaka pamene anamwalira mu 2020, ndipo pano ali pampandowo ndi Ken Jennings, amene mu 2004 anapambana maulendo 74 otsatizana. Ife sitingoonera, timapikisana nawo pamphasa pomwepo.

Ndalama sitiikapo. Alamu anga ndi Asilamu ndipo za juga safuna n'kumva komwe, ndiye timawerengera njere za chimanga. Mmodzi agwire foni, aziimitsa kanema funso likangowerengedwa. Wokhoza alandire njere 10, wolakwa abweze 10. Mbali imeneyi ndi yosavuta, kungoti mafunso a mapulezidenti akale a ku America amatisiya kukamwa yasa.

Pamene pagona nkhani ndi pa funso lomaliza. Amayamba anena mutu wokha, aliyense n'kulemba zimene wabetcha funsolo asanalimve, ndiyeno amapatsidwa masekondi 30 oti alembe yankho. Ifenso timalemba pakapepala, kupinda, n'kuvindikira ndi mbale kuti pasakhale wosintha maganizo. Musanalembe kalikonse, werengani milu ya anzanu. Anthu ambiri amangodzifunsa ngati mutuwo akuudziwa, pomwe chofunika kwambiri chili pamulu wa mnzako.

Tinene kuti inu muli ndi njere 120, wachiwiri 90, wachitatu 40. Wachiwiri akabetcha zonse n'kukhoza afika 180. Ndiye inu betchani 61 basi. Mukakhoza muli pa 181, sangakupezeni. Kuwonjezera pamenepo n'kudzikumbira dzenje, chifukwa mukalakwa mutsika kopanda chifukwa.

Koma mukakhala wachiwiri uja wa 90, apa ndiye timakangana mpaka tiyi kuzizira. Mtima umati ponyani zonse. Taganizani kaye. Wotsogolayo, wa 120 uja, ngati amadziwa masamu wabetcha 61, ndipo akakhoza wapambana kale, kaya inu mwachita zotani. Mwayi wanu uli pakulakwa kwake, pamene atsikire pa 59. Wachitatu ngakhale atakhoza sangapyole 80. Choncho betchani njere 9 kapena kucheperapo: mukalakwa mutsala ndi 81, muli pamwamba pa onse awiri. Mukaponya zonse 90, mufunika zinthu ziwiri nthawi imodzi, iye alakwe ndipo inu mukhoze. Funso limene lagwetsa wotsogola kawirikawiri limakhala lolimba moti ligwetsa inunso.

Nzeru imeneyi imagwira ntchito pokhapokha mulu wanu ukaposa magawo awiri mwa atatu a mulu wa wotsogola. Pa 120, malire ake ndi 80. Mukakhala ndi 70, iye abetcha 21 ndipo akalakwa atsala ndi 99, inu simunamupezebe. Pamenepo palibe zobisala, betchani 30 kapena kuposa, ndipo mukhoze. Wotsogola amene mulu wake waposa kawiri wa womutsatira, monga 120 ndi 50, asapyole 19, kapena angolemba ziro n'kumamwa tiyi wake.

Ena amatengeka ndi James Holzhauer, amene mu 2019 anapata madola 131,127 m'masewera amodzi chifukwa chobetcha mosaopa. Iye ankaponya zambiri pa Daily Double, funso lapadera lobetchera la mkati mwa masewera pamene woyankha amakhala mmodzi yekha, komanso mayankho ankawadziwadi. Ife a pamphasa tilibe mutu ngati umenewo.

Loweruka lapitali alamu anali pa 90, ine pa 120, mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 ali pa 40. Mutu unali wa mitsinje. "Alamu, ine ndinabadwira m'mbali mwa Shire, zonse ndaponya," anatero akuseka. Funso linabwera la mtsinje wa ku Asia. Tonse atatu tinalakwa. Ine ndinatsala ndi 59, mwana uja anabetcha 5 n'kutsala ndi 35, alamu manja lende. Akanalemba 9 akanatipambana tonse. Mpaka lero akuti foni ndinaiimitsa mochedwa, ndipo njere zawo m'mawa mwake zinatoledwa ndi nkhuku.