Mmene mungapitire ku Dar ndi mnzanu kukangoyenda, thumba osabooka

Kuno ukangonena kuti ndikupita ku Taifa anthu amangoti eya wayamba geni, ukatitengereko zitenje. Koma Dar es Salaam mutha kupita kukangoyenda basi, kukaona nyanja ya mchere, kudya, kujambulitsa n'kubwerako, ndipo mukakhala awiri zimapepuka chifukwa chipinda mumagawana, bajaji (kanjinga kamoto ka mateyala atatu konyamula anthu) mumagawana, wina akapita kuchimbudzi wina amayang'anira zikwama. Za ndege iwalani, pano tikukamba za basi. A Malawi sitifunika viza kulowa m'Tanzania, pasipoti yokha bola isakhale yoti yatsala pang'ono kutha. Ngati muli ndi kabuku kachikasu ka katemera wa yellow fever katengeni, sikalemera, ndipo pa boda nthawi zina amakafunsa.

Musanagule chilichonse khalani pansi ndi mnzanuyo mukambirane za ndalama. Izi ndikunena chifukwa maubwenzi ambiri amathera pa ulendo. Pangani thumba limodzi la thiransipoti, malo ogona ndi chakudya, aliyense aponyemo zofanana ndipo mmodzi azisunga n'kumalemba mu foni chilichonse chatuluka. Zogula zanu, kaya nsapato kaya mafuta onunkhira, aliyense yake. Mugwirizanenso ngati mukupita kukayenda kapena kukapikula, chifukwa wina akakhala ndi mtima wa geni mudzathera masiku onse ku Kariakoo, dera la misika la ku Dar, mukumunyamulira matumba, nyanja osaiona.

Nyengo yabwino ndi June mpaka September. December mpaka March ku Dar kumatentha koopsa, kutentha kwa chinyezi koti ukangosamba thukuta layambanso, ndipo April ndi May mvula imavuta, madzi amadzadza pa Jangwani mpaka mabasi a m'tauni kuima.

Nkhani ya forex mukuidziwa kale, sindikuuzani zachilendo. Pitani ku banki yanu masabata angapo ulendo usanafike, ndi pasipoti ndi tikiti ngati mwagula kale, akakupatsani madola ochepa thokozani Mulungu. Khadi la ATM la kuno litengeni koma musalidalire, malire ake akunja amakhala ochepa ndipo limatha kukana tsiku lomwe mwalifunitsitsa. Madola akhale atsopano osang'ambika, akale aja ma bureau a ku Dar amawakana kapena kukudulani reti.

Njira zilipo ziwiri. Pali mabasi ochoka ku Lilongwe pa Devil Street mpaka ku Dar osasintha, amene amakwera a geni. Ndi osavuta kumutu koma pa boda mumadikira katundu wa aliyense aonedwe, maola amatha mutakhala padzuwa. Ine ndimakonda yodukizadukiza: basi mpaka Mzuzu, kutsika Chiweta kukafika Karonga, kugona pamenepo pa resitihausi, m'mawa kukwera takisi ya pa boda ya Songwe, makilomita pafupifupi 45 okha. Mukawerengera imatchipirapo ndipo miyendo imapumako. Ku Malawi kudinditsa, kuwoloka mlatho wapansi, ku Kasumulu, mbali ya Tanzania, kudinditsanso, zimenezo n'zosavuta.

Chovuta chimayamba mukangotuluka mu ofesi ya imigireshoni ya ku Tanzania, ndipo apa ndichedwapo chifukwa mpamene tinapwetekera ine ndi mnzanga.

Mukangoponda panja amakuzingani anyamata, ena mipukutu ya ndalama m'manja, ena akuti Dar Dar Dar basi ikunyamuka pompano, ndipo ambiri a iwo Chichewa ndi Chitumbuka amayankhula bwinobwino ndiye umamasuka nkumaona ngati wapeza wakwanu. Ife anatitenga mmodzi waulemu kwambiri, shati yopisira, mpaka kutinyamulira chikwama. Anatilowetsa mu kachipinda kena kokhala ndi tebulo, mpando ndi chithunzi cha basi yokongola pakhoma, natilembera lisiti la anthu awiri mpaka Dar, chidindo phaa, manambala a mipando 21 ndi 22 analembanso. Akuti basi yaikuluyo ili ku Mbeya, kositala iyi ingokufikitsani, mukakatsika pa Uyole, polowera mu Mbeya, mnzanga akakulandirani. Kositalayo inalipodi, tinakweradi, njira ya Tukuyu ija yokongola, tiyi ndi nthochi mbali zonse, kozizira bwino. Kufika pa Uyole palibe anatilandira. Nambala yomwe anatipatsa inali yothima. Tinapita ku ofesi ya basi yomwe inali pa chithunzi ija, mayi wa pa kauntala anangoliyang'ana lisitilo nkutibwezera, akuti ili si lathu, ife matikiti athu amatuluka pa makina. Kondakitala wa kositala uja anali atapatsidwa yake ya Kasumulu mpaka Mbeya basi, zotsalazo zinapita. Tinagona ku Mbeya tisanakonzekere nkugulanso matikiti ena, ndalama yomwe timati tikawolokere ku Zanzibar inathera pamenepo, ndipo usiku umenewo m'chipinda munalibe nkhani, aliyense anayang'ana khoma lake.

Ndiye chitani chonchi. Pa Kasumulu musagule tikiti ya ku Dar kwa munthu aliyense woyenda pansi, kaya wavala yunifomu kaya ali ndi buku la malisiti. Yendani pang'ono kapena kwerani njinga yamoto mpaka pa siteji ya makositala, lipirani ya Mbeya yokha, ndipo mulipire mutakhala kale pampando, kwa kondakitala amene anthu ena onse akumupatsa. Funsani mayi amene mwakhala naye pafupi kuti walipira zingati. Mukafika ku Mbeya pitani nokha ku ofesi ya kampani ya basi, yokhala ndi dzina pakhomo, tikiti ikhale yosindikiza pa makina kapena yobwera pa meseji, yokhala ndi tsiku, nambala ya basi ndi mpando. Ku Kyela, kufupi ndi boda komweko, kumanyamukanso mabasi a ku Dar, koma lamulo ndi lomwelo, ku ofesi ndi miyendo yanu. Wina akati ndikuperekezeni mungoti asante nkumapita.

Osintha ndalama aja nawonso samalani nawo. Sinthani zochepa zongokufikitsani ku Mbeya ndi kudya. Reti muione pa intaneti musanawoloke netiweki ya kwathu isanathawe, muwerengere pa foni yanu osati pa kakyuleta yawo. Alandire zanu pomaliza, mutawerenga kale zawo m'manja mwanu, ndipo mukawerenga musawabwezerenso kuti aonenso, mpamene mapepala ena amasowera. Pepala lalikulu kumeneko ndi la 10,000, lofiira la njovu, ndiye pakati pa mpukutu amatha kubisamo a 1,000 ndi 2,000. Mmodzi aziwerenga, wina maso pa zikwama.

Pomwepo sinthaninso wotchi. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, kwathu ikamati 8 kumeneko ndi 9. Komanso pa Chiswahili maola amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, 7 koloko m'mawa iwo amati ola loyamba, ndiye akakuuzani pakamwa kuti basi inyamuka saa kumi na mbili, teni ndi thuu, akunena 6 koloko osati 12. Auzeni akulembereni pa tikiti, kapena akuonetseni pa wotchi.

Simu khadi gulani ku Mbeya mu shopu yeniyeni ya Vodacom kapena Airtel, amafuna pasipoti. Za pamsewu zolembetsedwa kale pa dzina la munthu wina zisiyeni. Layini imodzi ikukwanirani awiri, winayo azingolumikiza pa hotspot. Majumbo apulasitiki aja analetsedwa ku Tanzania kuyambira 2019, musalongedzeremo nsapato.

Mbeya mpaka Dar ndi makilomita opitirira 800, tsiku lonse muli pampando. Mudutsa Makambako, Iringa, kenako mapiri a Kitonga pomwe msewu umakhotakhota ndipo amantha amatseka maso. Masiku ano mabasi amaloledwa kuyenda usiku ndipo mukakwera ya usiku mwapulumutsa ndalama ya chipinda, koma ulendo wopita ine ndingati kwerani ya m'mawa, chifukwa msewu umadutsa pakati penipeni pa Mikumi National Park ndipo akadyamsonga, mbidzi ndi anyani mumawaona pa windo, mwina njovu mukachita mwayi, osalipira kalikonse. Nkhani ya mpando wa pa windo muigwirizaniretu. Pa malo odyera basi imangoima mphindi zochepa ndipo chakudya chake n'chodula, tengani madzi, mtedza ndi nthochi za pa Tukuyu.

Mabasi akutali amathera pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, kunja kwa tauni, sikuti mwafika. Kuchoka apo ngati kudakali kowala kwerani mabasi abuluu aja amati mwendokasi, kuyambira pa Kimara ali ndi msewu wawowawo pakati pa Morogoro Road ndiye sakodwa mu mzere wa magalimoto, amakafika ku Kivukoni ndipo ena ku Gerezani kufupi ndi Kariakoo. Ndi otchipa zedi koma nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito mumapanikizana ngati usipa m'chidebe, chikwama chikhale kutsogolo. Mukafika usiku itanani Bolt, takisi yoitanitsa pa app, mtengo umaoneka pa foni, mugawane. Takisi yoti munthu wangokuimitsirani nkumati ndine mnzanu ndikuonetsani tauni, musakwere, alendo ambiri aberedwa motero.

Pogona, Kariakoo ndiye potchipa ndipo paliponse mumafika wapansi, koma phokoso limayamba kusanache. Sinza ndi Magomeni kuli maloji ambiri abata pang'ono. Musalipire musanaone chipinda: yatsani fani, tsegulani mpope, onani neti ya udzudzu ngati ilibe mabowo. Fani yokha imakwana miyezi yozizira ija, AC ndi yongowonjezera mtengo. Ngati nonse ndinu amuna kapena nonse akazi funsiranitu chipinda cha mabedi awiri, malo ena amakana kugoneka anthu otero pa bedi limodzi ndipo amakukakamizani kulipira zipinda ziwiri. Mukanena kuti mukhala mausiku angapo nenererani, amatsitsa.

Kudya ndiye kosadetsa nkhawa. Amayi ophika m'mbali mwa msewu, amati mama ntilie, ali paliponse, mpunga wa nyemba, pilau, nsima yawo ija yolimbirapo ndi nsomba. Madzulo chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, ndi kanyenya wa pa timitengo amati mishkaki. M'mawa chapati ndi tiyi wa tangawizi. Idyani pomwe padzadza anthu akomweko. Madzi gulani a m'botolo lalikulu muzithira m'timabotolo, ndipo kukatentha imwani dafu, kokonati wamuwisi amene amakudulirani pomwepo ndi chikwanje.

Tsiku loyamba lawirirani ku msika wa nsomba wa Feri ku Kivukoni, mabwato akamafika ndi pomwe pamakoma, anthu akukuwa mitengo, nsomba zina zazikulu kuposa mwana, octopus, nkhanu, zinthu zoti ku Nkhata Bay simunazionepo. Kuseri kwake amakazinga pomwepo. Pafupi pomwepo pali pantoni, chombo chowolotsa anthu ndi magalimoto kupita ku Kigamboni, mtengo wake ndi ndalama yachitsulo, mphindi zochepa mwawoloka ndipo tauni yonse mumaionera pamadzi, kutsidyako mukwere bajaji kupita ku magombe a mchenga woyera. Kujambula pa pantoni ndi pafupi ndi State House samalola, foni m'thumba. Pobwerera yendani wapansi kudutsa tchalitchi cha Azania Front cha madenga ofiira chomwe anamanga Ajeremani, Askari Monument ya 1927 yokumbukira asilikali achikuda a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndi National Museum ngati mumakonda zakale. Dziwani kuti pa malo olipiritsa mtengo wa mlendo ndi wina, ife sitili mu East African Community ndiye musadabwe.

Kariakoo ipatseni m'mawa umodzi basi. Msika waukulu uja unapsa mu 2021 koma malonda enieni ali m'misewu yozungulira, Congo, Msimbazi, Uhuru, zitenje ndi makanga mpaka maso kuwawa. Mtengo woyamba si mtengo. Anyamata okulondolani kuti akuonetseni shopu yotchipa amaikapo yawo pamwamba. Okonda mpira, likulu la Simba lili pa Msimbazi pomwepo, la Yanga pa Jangwani, majezi ali mbwee koma ambiri ndi feki.

Madzulo Coco Beach, chinangwa chokazinga cha tsabola, kukhala pamchenga, ulere. Mwenge kuli osema ziboliboli, Village Museum ku Makumbusho kuli nyumba za mitundu yosiyanasiyana. Chilumba cha Bongoyo boti lake mumakwerera pa Slipway, ngati thumba lija likadali ndi moyo. Zanzibar ndi maola awiri pa boti koma alendo amalipira modula, imeneyo ndi bajeti ina.

Pobwerera gulani tikiti tsiku limodzi musananyamuke, ku ofesi, ya Kyela kapena Mbeya. Mashilingi otsala muwathere konko kapena musinthe pa boda, mukapitirira nawo Karonga ndi mapepala chabe. Sungani makwacha a takisi ya pa Songwe ndi basi ya Mzuzu pa thumba lina kuyambira tsiku lonyamuka kwanu. Malisiti a zomwe mwagula akhale pafupi, a MRA akaona zitenje zambiri zofanana amati ndi za geni ndipo mulipira msonkho.