Kapu yachitsulo pa moto: iti mungatereke, iti musayerekeze

Alonda ausiku, ana asukulu odziphikira okha, asodzi kudooko, madalaivala a magalimoto akuluakulu ogona pachipata cha Mwanza kapena Dedza, onsewa vuto lawo ndi limodzi. Munthu ali yekha, akufuna madzi a tiyi okwana kapu imodzi basi, ndipo kudetsa poto chifukwa cha timadzi timeneti amaona ngati kudzivutitsa. Amangotenga kapu yachitsulo ija n'kuitereka pa mbaula. Kodi n'koyenera? Inde, ngati kapuyo ndi ya khoma limodzi, ndi yachitsulo chosachita dzimbiri kapena aluminiyamu wakufakitale, sinapakidwe kanthu m'kati, ndipo muli madzi. Chovuta n'chakuti makapu ambiri amene timangowatchula kuti achitsulo sakwaniritsa zonsezi, ndipo ena mwa iwo angakuvulazeni.

Tiyambe ndi kapu ya asilikali, chifukwa ndi imene inapangidwira ntchitoyi. Asilikali a ku America anayamba kunyamula kapu yamtunduwu mu 1910. Imaoneka ngati impso, botolo lamadzi limalowa m'kati mwake, ndipo chogwirira chake chimapindika kuti zonse zikwane m'kathumba kamodzi kapalamba. Zoyambirira zinali za aluminiyamu. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, aluminiyamu atayamba kufunika kwambiri popanga ndege, anayamba kupanga makapuwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Patapita zaka anawonjezeraponso kambaula kachitsulo kokwana kapuyo ndendende. Choncho mukaipeza kapu yotereyi pakaunjika kapena kwa wachibale, yopanda utoto m'kati, dziwani kuti moto ndi ntchito yake. Botolo limene imabwera nalo ndi nkhani ina: ambiri amakono ndi apulasitiki, ndipo sayenera kuyandikira moto.

Chimene chimateteza kapu pa moto ndi madzi omwe ali m'katimo. Madzi akafika powira sapitirira madigiri 100, ngakhale musonkhezere bwanji. Kumalo okwera monga Dedza ndi Mzuzu amawira asanafike n'komwe pamenepo. Bola madzi alimo, chitsulo cha kapu sichitentha kupitirira madziwo kwenikweni. Madzi akaphwa zinthu zimasintha msanga. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo makala oyaka bwino akamakupizidwa amafika pamenepo mosavuta. Anthu oumba mapoto a aluminiyamu amasungunulira zitsulo zawo pa makala omwewa. Kapu ya aluminiyamu yoiwalika pa mbaula imapindika, mwina kubooka kumene. Chitsulo chosachita dzimbiri chimafuna madigiri oposa 1,400 kuti chisungunuke, ndiye pa mbaula sichingasungunuke, koma chimasintha mtundu n'kukhala chofiirira kapena chabuluu, ndipo pansi pake pamatukumuka, kapu n'kusiya kukhazikika.

Kapu imene ndimaiopa kwambiri ndi ya makoma awiri. Awa ndi makapu ndi mabotolo osunga kutentha amene adzaza m'masitolo ndi m'misika masiku ano, pamodzi ndi fulasiki. Kunja amaoneka achitsulo chabwino, ndipo ndi achitsulo chabwinodi, koma pakati pa khoma lakunja ndi lam'kati pali mpata. Mwa ena anachotsamo mpweya, mwa ena muli mpweya wotsekeredwa, ndipo otchipa ena khoma lam'kati ndi lapulasitiki. Mpatawo anauika dala kuti kutentha kusadutse. Mukaitereka, madzi sawira, chifukwa moto ukungotentha khoma lakunja lokha, lomwe silikukhudzana ndi madzi. Munthu amaganiza kuti moto wachepa, n'kuwonjezera makala. Apo khoma lakunja likufiira, mpweya kapena chinyezi cha mumpata muja chikufufuma, ndipo kapu itha kung'ambika kapena kuphulika. Palinso china. Opanga ambiri amatseka kabowo kochotsera mpweya, kamene kali pansi pa kapu, ndi kadontho ka mtovu, n'kukaphimba. Kampani ya Stanley ya ku America inavomera poyera mu Januwale 2024 kuti imatero pa makapu ake. Kapu ikamagwiritsidwa ntchito yake, mtovuwo sukhudza chakumwa. Koma mtovu umasungunuka pa madigiri 327 okha, ndipo uli pansi penipeni pamene moto umafikira. Kapu yotereyi musaitereke, ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Kuidziwa n'kosavuta. Thirani madzi otentha m'kapumo, kenako gwirani kunja. Ya khoma limodzi imakuwotchani nthawi yomweyo. Ikakhala yozizira kapena yofunda pang'ono chabe, ndi ya makoma awiri. Yang'ananinso mlomo wake: ukakhala wokhuthala, ndipo kuya kwa m'kati n'kochepa poyerekeza ndi kutalika kwa kunja, pali mpata.

Kachiwiri, malata. Okhoma ndowa ndi zothirira mbewu amagwiritsa ntchito chitsulo chokutidwa ndi zinki, chija chimaoneka ngati chili ndi timaluwa totuwa. Ena amakhomanso timakapu totungira madzi ndi zotsala za malatawo. Kutungira madzi ozizira palibe vuto lalikulu, koma kuphikira ayi. Zinki amasungunukira m'chakumwa chowawasa monga thobwa logona, madzi a mandimu, bwemba kapena malambe, ndipo munthu akamwa amachita nseru, kusanza ndi kupotokola m'mimba. Chitsulochi chikapsa chopanda madzi pa moto waukali chimatulutsa utsi woyera, umene owotcherera zitsulo amaudziwa bwino chifukwa umawadwalitsa mutu ndi kuphwanya thupi. Onaninso polumikiza. Kapu yokhomedwa pamanja nthawi zambiri amaimata ndi chitsulo chofewa chosungunula, ndipo chomatira chimenechi kawirikawiri chimakhala ndi mtovu. Kapu iliyonse yokhala ndi mzere wa chomatira chotuwa m'kati isapite pa moto.

Zitini nazo anthu amazisandutsa makapu, makamaka kumunda ndi kumalo omanga. Chitini cha nsomba, nyemba kapena jamu chimapakidwa kansalu kopyapyala ka pulasitiki m'kati kuti chakudya chisadye chitsulo. Kansaluko sikanapangidwire moto wa mbaula. Kamapsa, kamasupuka, n'kulowa m'tiyi. Chitini cha penti, cha mafuta agalimoto kapena cha mankhwala ambewu, chimenecho musachiganizire n'komwe. Kutsuka ndi sopo sikuchotsa poizoni wake, ndipo kutentha ndi kumene kumamutulutsa.

Nanga makapu athu akale aja, oyera kapena achikasu okhala ndi mlomo wabuluu, amene akagwa pansi amathetheka n'kusiya banga lakuda? Amenewa ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi galasi losungunula. Akakhala athunthu amapirira moto wapang'onopang'ono, monga amachitira mapoto a mtundu womwewo. Adani awo ndi awiri: kuphwa madzi ali pa moto, ndi kuwathira madzi ozizira akadali otentha kwambiri. Zonsezi zimang'amba galasi lija. Kapu ikathetheka m'kati, tizidutswa timapitiriza kusupuka nthawi iliyonse yomwe yatenthedwa, ndipo pamalopo pamachita dzimbiri. Yothetheka kunja kokha mutha kumweramo. Yothetheka m'kati ipatseni ntchito ina, yoyezera mbewu kapena yotungira chakudya cha nkhuku. Makapu ena amakono amapakidwa m'kati zakuda zoterera kuti chakudya chisamamatire. Zopakazo zimayamba kuwonongeka kutentha kukapitirira madigiri 260, zomwe zimachitika msanga kapu ikauma pa moto.

Pa aluminiyamu ndiimepo pang'ono, chifukwa anthu amaopa chosayenera kuopa n'kusiya choopsa chenicheni. Kapu ya aluminiyamu yakufakitale, yopyapyala, yosalala, ndi yabwino kuwiritsira madzi ndi tiyi. Aluminiyamu wochepa amene amalowa m'madzi thupi limamutulutsa kudzera mu impso. Chongofunika n'kusaphikiramo kapena kugonekamo zowawasa ndi zamchere wambiri, monga msuzi wa matimati, chifukwa zimadya chitsulocho n'kusiya timaenje ndi kakomedwe kachitsulo m'kamwa. Amene ali ndi matenda a impso asankhe chitsulo chosachita dzimbiri. Choopsa chenicheni chili pa ziwiya zoumbidwa ndi aluminiyamu wotoleza, zija zokhuthala, zokhakhala, zimene amasungunulira pamodzi zidutswa za injini, mawaya ndi zitsulo zina zakale. Kafukufuku amene anachitika ku Cameroon n'kusindikizidwa mu 2014 anapeza kuti mapoto otere amatulutsa mtovu pophika, ndipo wina wa mu 2017, amene anayeza ziwiya za m'maiko khumi, anapezanso zomwezo mwa zina mwa izo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndipo amene umawapweteka kwambiri ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, chifukwa umaononga kakulidwe ka ubongo. Sumveka fungo, suoneka ndi maso. N'chifukwa chake phala la mwana ndi bwino kuliphikira m'chiwiya chachitsulo chosachita dzimbiri, ngakhale chikhale chaching'ono.

Pogula, tembenuzani kapu muone pansi. Mukaona 18/8 kapena 304, ndiye chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wogwiritsa ntchito pa zakudya. Manambalawo akutanthauza magawo 18 pa 100 a chitsulo chotchedwa chromium ndi magawo 8 a china chotchedwa nickel. Aluminiyamu mumamudziwa ndi kupepuka, kutuwa, ndiponso amakandika ndi msomali mosavuta. Ena amadalira maginito, koma maginito amangothandiza pang'ono: sagwira aluminiyamu, amagwira mwamphamvu malata ndi makapu okutidwa galasi aja, pamene pa chitsulo chosachita dzimbiri amatha kugwira kapena ayi malinga ndi mtundu wake. Musaiwale chogwirira. Chapulasitiki kapena chokutidwa labala chimasungunuka, ndipo chomata mwachinyengo chimathothoka kapu ili m'manja, yodzaza madzi owira.

Kapu ikakhala yoyenera, katerekedwe kake ndi aka. Madzi ayambe kulowa, kapu n'kupita pa moto pambuyo. Musadzaze, siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, chifukwa kapu ndi yopapatiza ndipo ikawira imasefukira mwadzidzidzi, makamaka mukaikamo mkaka kapena masamba a tiyi. Ngozi zambiri sizichokera ku chitsulo koma ku kugubuduka. Mbaula zathu ndi mafuwa anazipangira mapoto, ndiye kapu imatsala lendelende. Yalani waya wowotchera nyama, kapena salazani makala ndi kuikhazika bwino, ndipo igwedezeni pang'ono musanaisiye kuti muone ngati yakhala. Dziwani kuti makala akamanyeka amatsika, kapu n'kupendekeka. Pa gasi chepetsani moto kuti malawi asatuluke m'mbali. Akatuluka amangotentha chogwirira ndi mlomo, gasi n'kumapita pachabe. Chogwirira chiloze kunja kwa moto, komanso kumene mwana sangachikoke. Pophula gwiritsani ntchito nsalu youma, chifukwa yonyowa imalowetsa kutentha msanga. Vundikirani ndi kambale kuti madzi awire msanga ndiponso phulusa lisagweremo, koma chivundikiro chikhale chongosanjika. Botolo lachitsulo la khoma limodzi nalonso litha kutenthedwa, pokhapokha chotsekera chake chitachotsedwa. Lotseka limaphulika ndi nthunzi. Mu mayikulowevu chitsulo chisalowe.

Mukaphula musathamangire kumwa. Mlomo wa kapu umakhala wotentha kwambiri moti ungakuwotcheni, makamaka wa aluminiyamu, yemwe amayendetsa kutentha mofulumira kwambiri kuposa chitsulo chosachita dzimbiri. Dikirani, kapena tsanulirani m'kapu ina. Chitsulo chosachita dzimbiri nacho chili ndi khalidwe lake: chimatentha malo amodzi, ndiye phala ndi mkaka zimapserera pansi ngati simutakasa kosalekeza pa moto wochepa.

Ngati cholinga ndi kupha tizilombo m'madzi akumwa, kufunda sikukwanira. Madzi abwate kwenikweni kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo pamwamba pa mapiri opitirira mamita 2,000, monga kumtunda kwa Mulanje ndi Nyika, mphindi zitatu. Mliri wa kolera umene unayamba m'dziko muno mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo namondwe Freddy atasamutsa mabanja ambiri m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, madzi abwino anali osowa m'malo ambiri. Pa nthawi ngati imeneyo kapu yabwino imathandiza kuwiritsa madzi osungunulira thanzi ORS kapena omwetsa wodwala. Madziwo azizirire m'kapu momwemo, yovundikira, osaviikamo chala poyesa kutentha.

Kwa inu alonda ndi ana asukulu, mbaula isalowe m'kanyumba kotseka zitseko ndi mawindo, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni ndi Julayi. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo ambiri amene umawapeza ali m'tulo sadzukanso. Wiritsani madzi panja kapena pakhonde, mulowe ndi kapu yokha.

Wina akapsa ndi madzi owira, thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, vulani mphete kapena chibangili pasanatupe, kenako phimbani ndi nsalu yoyera. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira ndi phulusa zisapakidwe pabala, ndipo matuza asabooledwe. Mwana wamng'ono akapsa, kapena wamkulu akapsa kumaso, m'manja, kumaliseche kapena malo aakulu kuposa chikhatho chake, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.