Mmene mungasonkhanitsire magalamafoni akale ndi kuwagulitsa pa okushoni

Galamafoni sikhala ya mtengo chifukwa choti ndi yakale basi. Amene amatulutsa ndalama zambiri pa okushoni amafuna makina amene ziwalo zake zonse ndi zomwe zija zinatuluka nazo ku fakitale, osasakaniza, osapenta, osapala. Ndiye ngati mwaipeza ya agogo kumudzi, ija anabwera nayo pochokera ku Joni nthawi ya Wenela, kapena muli ku UK mwaiona pa car boot sale, msika wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, chonde manja kumbuyo kaye. Musathamangire sandipepa ndi vanishi.

Choyamba dziwani kuti mwagwira chani. Edison anapanga phonograph yake mu 1877 koma iyo inkaimba pa kanthu kobulungira ngati chitini, galamafoni ya mbale zafulati ndi ya Emile Berliner, patenti yake ya 1887. Kampani ya Gramophone Company inayamba ku London mu 1898, ndipo chithunzi cha galu uja Nipper akumvetsera ku lipenga anachigula kwa wojambula Francis Barraud mu 1899, ndiye chizindikiro cha HMV, His Master's Voice, chimene mumachiona pa chivundikiro. Ku America kunali kampani ya Victor ya Eldridge Johnson ku Camden, New Jersey kuyambira 1901. Zaka zimenezi zisungeni m'mutu chifukwa ogulitsa ena amangotchula chaka chilichonse, mumva munthu akuti iyi ndi ya 1850 pomwe nthawi imeneyo kunalibe makina oimba mbale ngakhale amodzi.

Zambiri zimene mungapeze ndi zonyamula m'manja zija zooneka ngati kasutikesi. Decca anayamba nazo mu 1914 asilikali nkumapita nazo ku nkhondo, kenako HMV 101 ya 1925, kenako HMV 102 ya 1931 imene anapitiriza kupanga mpaka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ndi makina abwino zedi, 102 imaimba mokweza moti mungadabwe kuti mulibe magetsi, koma anapanga zambirimbiri ndiye yakuda wamba siingakulemeretseni. Zofiira, zobiriwira, zabuluu zimakwererako mtengo. Ine ndimati woyamba kumene ayambire pomwepa, chifukwa sipeya wake amapezeka ndipo mukalakwitsa simulira kwambiri.

Zosowa zenizeni ndi zina. Kagalamafoni kopukusa ndi dzanja ka Kämmer & Reinhardt, kampani ya zidole ya ku Waltershausen ku Germany, ka cha m'ma 1890, kamene kankaimba timbale ta mainchi 5. Modelo imene ili pa chithunzi cha galu, imene osonkhanitsa amaitcha Trade Mark. Za malipenga akunja zolembedwa Gramophone & Typewriter, dzina limene kampaniyo inagwiritsa ntchito kuyambira 1900 mpaka 1907 basi, ndiye dzinalo lokha lakuuzani kale zaka. Makabati akuluakulu a HMV 202 ndi 203 amene lipenga lake linapindidwapindidwa mkati. Ndiye pali EMG ndi Expert za ku London, zopangidwa pamanja, lipenga lake lalikulu lopangidwa ndi mapepala omata, izi zikakhala zabwinobwino zimapita pa mapaundi masauzande, ndipo mukadzamva imodzi ikuimba mudzamvetsa chifukwa chake anthu amalimbirana.

Tsopano nkhani ya mafeki, apa ndipamene anthu ambiri amadyeredwa ndalama ndipo zimandiwawa kwambiri. Pali magalamafoni ambirimbiri opangidwa posachedwapa makamaka ku India, lipenga lonyezimira ngati golide, bokosi nthawi zina la makona 6 kapena 8, ena mpaka magalasi m'mbali, chithunzi cha galu chomatidwa kutsogolo. Maso amakopeka ndithu, ndipo m'mashopu a zinthu zakale amaziika pawindo penipeni. Yang'anani chigongono chimene chimalumikiza lipenga ndi mkono wonyamula singano: cha olijino chimakhota mosalala, cha feki chimakhala tizidutswa towotcherera tokhala ndi makona. Yang'anani chopukusira, ngati chikulowa m'bokosi mopendama ndiye kuti mota anaizula mu galamafoni yonyamula m'manja nkuiika m'bokosi latsopano. Masikulu a mutu wa mtanda pa makina oti ndi a 1905 ndi bodza, masikulu amenewo anabwera m'ma 1930. Tsegulani mkati mununkhize, thabwa latsopano limadziwika, komanso mabowo owonjezera pa thabwa la mota amasonyeza kuti pamenepo panali mota ina. Koma musati chilichonse cha ku India ndi feki ayi, Gramophone Company inali ndi fakitale yake ku Calcutta ndipo makina enieni ochokera kumeneko alipo, ena osonkhanitsa amawafuna kumene.

Mukakhutira kuti ndi yeniyeni, iyeseni. Pukusani pang'onopang'ono, mukamva kuti yayamba kulimba siyani, osakakamiza. Ngati chopukusira chikungozungulira osalimba ndiye kuti sipuling'i inaduka kapena inamasuka. Ngati poimba ikumveka kuti gu! gu! mkatimo ndi girisi wakale amene anauma, zimakonzeka. Koma chonde chigubu cha sipuling'i musatsegule nokha ngati simunaonepo wina akuchita, chitsulo chimenecho ndi chachitali, chakuthwa, ndipo chikafwamphuka chimatema zala ngakhale kumaso. Kamutu kogwirira singano, soundbox, kaoneni bwino ngati ndi kogwirizana ndi modeloyo, HMV 101 zambiri zinkabwera ndi No. 4 pomwe 102 zambiri zili ndi 5A kapena 5B. Tina tinapangidwa ndi chitsulo chosalimba chimene chimatupa nkung'aluka chikakalamba, ndiye mukaona ming'alu kumbuyo kwake tsitsani mtengo. Malabala a mkati akauma mawu amanjenjemera, kusintha amenewo palibe angakudzudzuleni. Thabwa lionetsetseni ngati lafumbwa, tizibowo tating'ono tokhala ndi ufa watsopano ndiye kuti tizilombo tikadali momo, musaiyandikitse ndi zina.

Singano yachitsulo ndi mbali imodzi ya mbale basi kenako tayani. Agogo athu ena ankanola pa mwala chifukwa chosowa, nchifukwa chake mbale zambiri zopezeka kumudzi zinachita kuyera m'mizere. Masingano atsopano akugulitsidwabe pa intaneti motchipa. Mbale za galamafoni ndi za 78, zozungulira maulendo 78 pa mphindi, zolemera, zosweka msanga, musaikepo mbale za pulasitiki za LP chifukwa singanoyo idzazilima kamodzi kokha. Ndipo 78 musaipukute ndi sipiliti, imasungunuka. Mbale zimene mwazipeza limodzi ndi makinawo musataye, makamaka ngati ndi za nyimbo za kuno ku Africa monga za Gallotone za ku Johannesburg kapena zimene anajambula Hugh Tracey, katswiri amene ankayendayenda kujambula nyimbo za mu Africa, mbale zoterozo zinasweka zambiri ndipo nthawi zina mtengo wake umaposa wa galamafoniyo.

Kuyeretsa, kansalu kofewa kouma, mwina phula pang'ono pa thabwa, basi. Zomata za shopu imene inagulitsa, lisiti, kabuku ka malangizo, kachitini ka singano, kiyi wa chivundikiro, zonsezo zisiyeni momwemo. Ngati mukudziwa mbiri yake, anagula ndani, kuti, chaka chanji, ilembeni pa pepala moona mtima osakometsera, ogula amaikonda mbiri.

Pogula pa okushoni mtengo umene nyundo yagunda si umene mulipire. Pamwamba pake pamabwera buyer's premium, ndalama imene wogula amalipira eni okushoni, malo ambiri pakati pa 20 ndi 30 peresenti, kuphatikizanso msonkho pa premium imeneyo, ndiye kutumiza. Werengerani zonsezi musanayambe, lembani malire anu pa pepala ndipo akadutsa pamenepo asiyeni atenge, ina idzabwera. Pemphani condition report, lipoti la mmene katunduyo alili, ndi zithunzi za mota ndi kumbuyo kwa soundbox, chifukwa katundu wa pa okushoni amagulitsidwa mmene alili ndipo kubweza nkovuta. Mawu a mu katalogi muziwawerenga mosamala, akalemba kuti "HMV style" kapena "reproduction" akukuuzani mwaulemu kuti si yeniyeni.

Pogulitsa ndiye sankhani malo. Galamafoni wamba mutha kuigulitsa pa okushoni ya pafupi kapena pa eBay, koma yosowa ipititseni kwa anthu amene amachita maokushoni apadera a makina oimba akale, monga Auction Team Breker ku Cologne kapena Special Auction Services ku Newbury, chifukwa kumeneko ndi kumene kumakhala anthu awiri atatu oidziwa amene angakwezerane mtengo. Mukaiponya pa okushoni ya mipando ndi mafiriji idzapita pa mtengo wolira, wogulayo nkukaigulitsa kwa akatswiri aja. Atumizireni zithunzi zowala za mbali zonse, mkati, nambala ya modelo imene nthawi zina imabisala pansi pa chozungulira chimene mumaikapo mbale, iwo adzakupatsani estimate, mtengo umene akuganiza kuti ingagulidwe. Musanavomere onani mitengo imene zofanana nazo zinagulidwadi, osati imene anthu akungoitanitsa, pa eBay pali posankha kuona zogulidwa kale. Funsani komishoni yawo, ndalama ya zithunzi, inshuwalansi, komanso ngati mumalipira katundu akapanda kugulidwa. Gwirizanani za reserve, mtengo umene sangagulitse pansi pake, koma musaukweze mwadyera, katundu akabwerera osagulidwa ogula amamukumbukira ndipo ulendo wachiwiri amamukayikira. Ndalama zimabwera patapita masabata angapo, musakongoleretu. Ngati mukufuna anthu okuthandizani kuzindikira modelo, bungwe la City of London Phonograph and Gramophone Society lakhalapo kuyambira 1919 ndipo lili ndi magazini yake.

Kwa amene muli ku Malawi kapena ku Zambia chovuta ndi kutumiza, galamafoni ndi yolemera ndipo ya wamba ndalama ya ndege ingadye phindu lonse, bola kuisunga pakhomo kapena kugulitsa konkuno. Ikakhala yosowa, funsani kaye ku ofesi yoona za zinthu zakale ngati pakufunika chilolezo choitulutsira kunja. Polongedza isiyeni izungulire mpaka sipuling'i ithe mphamvu, chotsani chozungulira, soundbox, chopukusira ndi lipenga, chilichonse chikulungidwe pachokha, mkono muumange kuti usamagubuduke, bokosi lilowe m'bokosi lina. Mbale zikhale pakati pa makatoni olimba mu katoni yakeyake, osaziika mkati mwa chivundikiro.