Tepi ya telala isatinamize poyeza mitengo

Sabata yatha ndinakhala pansi kuwerenga makope a makomiti atatu oyang'anira nkhalango za m'midzi kufupi ndi Chimaliro, mutu mpaka kuwawa. M'makopemo amalembamo miyezo ya mitengo yomwe timawerengera kaboni, chinthu chimene mitengo imatenga mu mpweya n'kusunga m'thupi mwake. Onse alakwitsa chimodzimodzi. Akulunga tepi ya telala pa thunthu, yaonetsa masentimita 63, n'kulemba 63 yemweyo pamalo a DBH pa fomu, pomwe pamalembedwa kunenepa kwa thunthu pa msinkhu wa chifuwa. Ayi abale! 63 ameneyo ndi kuzungulira kwa mtengo. Fomu ikufuna kupingasa kwake, monga mutayeza pamwamba pa chitsa kuchokera uku kufika uko. Mtengo umenewo ndi wa masentimita 20 basi.

Musachione chochepa. Thunthu likanenepa kawiri, kulemera kwa mtengo kumakwera kanayi kapena kuposerapo. Ndiye mukaunenepetsa katatu papepala, kamtsamba komwe mwana angakakumbatire kamasanduka kolemera kakhumi kuposa mmene kaliri. Bodzali limatsikiranso pansi, chifukwa mizu palibe amaikumba, timaiwerengera kuchokera pa thunthu lomwelo. Ofufuza anachita kugwetsa mitengo, kufukula mizu, kuiumitsa ndi kuiyeza pasikelo kuti ife tingoyeza thunthu. M'nkhalango zathu za mombo, mtsamba ndi mchenga, mizu imalemera kuyambira gawo limodzi mwa atatu mpaka theka la zimene zili pamwamba, ndipo pafupifupi theka la mtengo wouma ndi kaboni. Thunthu likanama, mizu yanama, kaboni wanama.

Zotsatira zake ndi izi. Komiti ikauza mudzi kuti nkhalango yathu yasunga kaboni wochuluka chonchi, anthu amayamba kuwerengera ndalama zomwe adzalandire chifukwa cha kaboniyo. Otsimikiza manambala a kaboni akabwera ndi matepi awo n'kukana makopewo, adzanenedwa kuti adya ndalama ndi ndani? Mlembi ndi msungichuma, anthu osalakwa. Ntchito ya masabata atatu idzabwerezedwa mvula itayamba, aliyense ali kumunda kowokera fodya.

Chondikwiyitsa n'choti tinaphunzitsa zimenezi. Koma ena akadali pa chizolowezi cha ocheka matabwa, kuyeza m'tsinde pomwe mtengo watupa, ena kungouyang'ana n'kunena nambala. Mpaka liti?

Tsiku lomwelo agogo ena aamuna anandikoka dzanja kukandionetsa dzenje m'mphepete mwa munda wawo. "Alangizi, chitsa cha muwanga ichi ndinalimbana nacho masiku anayi, mpini kuthyoka kawiri. Kamtengo kake kanali ngati mwendo wangawu, koma mizu inadzaza ngolo." Sananame. Mtengowo unadulidwapo kale pomanga chigafa n'kuphukanso, choncho thunthu linali laling'ono pomwe mizu inali ya mtengo wakale. Mitengo yophukira pazitsa yotereyi ndi yambiri kuno ku Kasungu, ndipo masamu athu amaichepetsa mizu. Muziilemba kuti ndi yophukira.

Tsono chitani izi. Dulani ndodo ya mita 1.3, muziimika pa mtengo uliwonse n'kuyeza pomwe yalekezera. Pamalo otsetsereka imani kumtunda. Tepi ikhale yothina, yosapendekeka. Nambala ya tepi ya telala igaweni ndi 3.14, foni iliyonse ili ndi kakyuleta. Mtengo ukachita mphanda pansi pa ndodo, yezani thunthu lililonse palokha. Makope olembedwa kale musawataye, bwerani nawo Lachinayi tidzagawe manambalawo limodzi.